Filimu Yanga Yomaliza

Lachinayi. Kwatentha, tsiku layenda mwaulesi.

Filimu ya kamera yanditsalira imodzi yokha, ndipo mtundu wakewo anasiya kupanga. Ndimaisungitsa mu firiji ya pagolosale ya a Jafali kuno ku Balaka, poti kutentha kumaiwononga. Ndinati sindiikhudza mpaka atayambanso kupanga. Mphekesera zimamveka, koma palibe chooneka.

Amayi aimba foni kuchokera ku Nsanama. Akufuna ndikawajambule akadali ndi mphamvu zoima okha. Ndawafotokozera mofatsa za fakitale.

"Iyayi mwanangu," atero. "Afakitalewo akundidziwa ine? Iwe dikira, koma nkhope yangayi sikudikira."

Ndakaitenga madzulo ano. A Jafali ati bola, zakumwa zawo zapeza malo. Mawa ndikwera minibasi yoyamba. Ndikawaimika pakhonde dzuwa lisanakwere, kenako...