Nandolo wa Lameki

Lachisanu, 6 Meyi 1994

Lameki wapita. Munthu amene ndimati andikwatira chaka chino wakwera lole ya fodya m'mawa, ati akavotere kwawo ku Phalombe, abwera zinthu zikazizira. Ku esiteti amuloza chala mokwanira. Kunyumba sanatsanzike, akuopa amalume. Ine ndangoima pamsewu ngati chitsa. Mtima ukuwawa, sindibisa.

Lamulungu, 8 Meyi

Potuluka m'tchalitchi nkhani inali imodzi: akummwera akapambana adzalanda minda ya kuno ku Mkanda. Amalume a Stefano akuti, "Timitengo tija anadzala mnyamata uja m'mbali mwa munda wa Esitele mwationa? Ndi malire amenewo. Wayamba kale kudula malo."

Timitengo take ndi nandolo! Tinadzala limodzi kuti ndidzalawe ndiwo za kwawo.

Amayi nawo akuti Alomwe amadya njoka. Anamva kwa anzawo a Veronika, omwe ngakhale ku Lilongwe sanafikeko. Ndinaseka, koma inenso ndine yani? Mtengo wa sopo ku Chipata ndimaudziwa. Phalombe sindidziwa kuti ili mbali iti.

Lachitatu, 11 Meyi

Amalume atchetcha nandolo yense ndi chikwanje. Watsala mtengo umodzi kuseri kwa bafa, sanauone.

Lachiwiri, 17 Meyi

Tavota. Ndakhala ndikuyang'ana inki pachala. Kaya Lameki nayenso ili pa chala chomwechi.

Loweruka, 25 Juni

Akummwera aja anapambana. Palibe wabwera kudzalanda munda. Palibenso wabwera kudzandiona. Njinga iliyonse ikalira belu ndimatuluka, mpaka amayi ayamba kundinena kuti ndasanduka mlonda wa pamsewu.

Lolemba, 25 Julayi

Aleck, mnzake wa Lameki wa ku esiteti, wabwerako ku Phalombe. Lameki ali bwino, akuti wangowonda. Amayi ake amuletsa kubwerera. Kumeneko kwamveka kuti ife a ku Mchinji tikuwotcha nyumba za akummwera chifukwa cholephera chisankho, komanso kuti mkamwini wachilendo timamupereka kwa zilombo za gule.

Ife? Ndinafuna kuseka, misozi n'kutsogola. Amayi anali pakhonde akusenda mtedza. Amva zonse.

Loweruka, 6 Ogasiti

Mtengo wa kubafa wabereka. Ndathyola nandolo wamuwisi, ndaphika monga ankandiuzira Lameki, tomato ndi kamchere basi. Amayi anayamba ndi kununkhiza. Kenako anadya, n'kuwonjezera.

Atasamba m'manja akuti, "Ndiye mayi akewo akuti ife timawotcha nyumba za anthu?"

Ndati eya.

"Anationapo?"

Ndati ayi, anangomva.

Madzulo ano ndawapeza atulutsa chitenje chawo cha kutchalitchi, akuchikutumula. Osandiyang'ana n'komwe akuti, "Esitele, pita ukamufunse Aleck. Basi ya ku Phalombe amakwerera kuti?"