Bowo pa Chithunzi cha Kwaya

Lolemba, 6 Juni 1994

Abusa alengeza dzulo kuti Lamulungu likudzali tikumbukira zaka 30 za tchalitchi chathu, aliyense abweretse zithunzi zakale tipachike. Amama atulutsa zawo pansi pa sutikesi. Zitatu: chaukwati, cha kwaya, ndi china cha pakhonde. Ponseponse adada alibe nkhope. Suti ilipo, tayi, manja, koma pamutu pali bowo. Zaka 21, bambo wanga ndimamudziwa kuyambira m'khosi kutsika m'munsi.

Lachiwiri, 7 Juni

Kale ndikafunsa, amama ankangonditsina. Lero poti boma lasintha, ayankhula. Adada, a Goodson Sichali, anali mphunzitsi komanso wotsogolera kwaya. Anawatenga mu 1973 ine ndili m'mimba, sanabwerenso. Patangopita masiku awiri, a Blackson Kayange, mlembi wa mpingo, anayenda nyumba ndi nyumba ndi lezala, kudula adada pachithunzi chilichonse. Mnzawo wapamtima ameneyo! Amama sanawapatsenso moni mpaka lero.

Ndakwiya koopsa. Akuti a B.K. anasamukira ku Wenya. Ndikawaona.

Lachitatu, 8 Juni

Amama akuti ndisapite. Ku ofesi ndanama kuti dzino likundiwawa.

Lachinayi, 9 Juni, ku Wenya

Lole ya chimanga, fumbi mpaka m'kamwa, kenako wapansi. Njira yonse ndimaloweza mawu oti ndikawalase nawo.

Ndawapeza akukonza khasu. Kamunthu kochepa, diso limodzi loyera. Ndisanati monire, andiyang'ana n'kunena kuti, "Makutu awo ndi a Goodson." Makutu omwewa amene anzanga ankati mbale za enamelo, amene ndimabisa m'duku! Mawu anga onse anathawa, koma ndawafunsabe.

"Mwana wane," iwo akutero, "anyamata a chipani ankabwera m'mbuyo mwangamo. Akapeza nkhope yake m'nyumba, zithunzi zonse pamoto, mwini nyumba pagalimoto. Ine ndinangofulumira." Alowa m'nyumba, atuluka ndi buku la nyimbo lomanga ndi mphira. "Kudula ndinaduladi. Koma anakuuza ndani kuti ndinataya?"

Pakati pa masamba, timitu! Tozungulira, tating'onoting'ono. Adada okhaokha kasanu ndi kawiri, ndi anthu enanso anayi amene anatengedwa chaka chomwecho. Kuseri kwa kalikonse analemba ndi pensulo nyumba imene anakadula.

Ndafunsa chifukwa chake sanawauze amama. Akuti, "Anthu awiri akadziwa, wachitatu amva. Bola mlamu azindida, koma akhale moyo."

Ndalira ngati mwana. Adada anali ndi mpata pamano, ndipo paliponse akuseka.

Lachisanu, 10 Juni

A B.K. amakana kubwera kuno ku Boma, ati miyendo. Ndawauza kuti ndiwabereka kumsana. Tabwera, ndi buku lomwe. Agona kwa mphwawo.

Loweruka, 11 Juni

Ndaphika phala la chinangwa lomatira. Chithunzi cha kwaya pathebulo, kamutu ndatola ndi nsonga ya singano. Kalowa ndendende, ngati sikanachokepo! Amama ndinali ndisanawauze kanthu. Ndangowaitana. Ayang'ana nthawi yaitali, kenako apukuta manja pachitenje, ngati akufuna kupereka moni kwa mlendo. "Goodson, tayi yako yapendama," basi, n'kukhala pansi.

Ndawafotokozera zonse. Kenako ndakawauzanso abusa.

Lamulungu, 12 Juni

Tapambana! Tchalitchi chodzaza mpaka m'mawindo. Abusa atangonena za bukulo, anthu anathamangira kunyumba mapemphero ali mkati, kubwerako ndi zithunzi zobooka. Mzere mpaka panja. A B.K. pathebulo akuwerenga kuseri kwa timitu n'kumaitana mayina, ine ndikumata. Mayi wina wa ku Chisenga wapeza mchimwene wake, nthungululu yake mpaka kumsika anaimva. Kwaya yayimba nyimbo imene adada anaphunzitsa, ndipo dzina lawo latchulidwa paguwa mokweza, katatu.

Amama anali kumapeto kwa mzere, chithunzi chaukwati m'manja. Atafika, a B.K. anaimirira, chipewa pachifuwa.

"Mwauka uli, alamu?" anatero amama. Kenako anawapatsa chithunzicho. "Munadula ndinu. Matani nokha."

Amata. Ine duku ndavula, liri m'chikwama.