Malole a asilikali saimanso pa Zóbuè

...ndiye ndinangoima pakati pa msewu, dzanja m'mwamba, malole onse a asilikali n'kuliza mabuleki mpaka nkhuku za pa Kambulatsitsi kuthawira m'tchire. Pepani Amayi, ndayambira pakati monga mwa chizolowezi changa. Mwadzuka bwanji kumeneko? Miyendo ija inasiya kuwawa? Ndine Domingo wanu, uja munkati pakamwa pake pamafika kumsika mwini wake akadamanga nsapato.

Ndiyambe ndi za pakhomo. Rozita mpongozi wanu anachira mvula itangoyamba, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Akalira amamveka mpaka ku Mwanza. Mphuno ndi yanga, mwatsoka. Mbatatesi za m'munda wanu wa kuphiri zachita bwino, imodzi kuinyamula mpaka anthu awiri. Kabichi yekha ndiye tinagawana ndi mbozi, izo n'kutenga mbali yaikulu. Mlongo wanga Malita akadali ku Moatize, kudera lija la 25 de Setembro. Zovala akachapa zimauma zitada ndi fumbi la malasha, koma ali bwino.

Tsopano za malole. Mukukumbukira mmene zinkakhalira asilikali a ku Malawi akamadutsa ndi katundu wawo kupita kudoko? Ankagona pa Zóbuè masiku atatu kudikira pepala lochokera kulikulu, la zidindo zambiri kuposa mawanga a nkhanga. Inu n'kuphika mbatatesi, kuvala chitenje cha kutchalitchi, chithunzi cha achimwene Bento m'manja. Lole ndi lole munkafunsa ngati alipo akumudziwa mwana wanuyo, amene anatsala ku Malawi ife pobwerera nkhondo itatha, n'kutumiza chithunzi chimodzi atavala yunifolomu, kenako zii mpaka lero. Munkati tiziwadyetsa kaye, chifukwa munthu akakhuta ndi pamene amayang'ana nkhope bwinobwino. Pamphasa yanu yomaliza munandipatsa chithunzicho, ine n'kulumbira kuti palibe lole ya asilikali idzadutse osachiona.

Lolemba lapitali m'mawa kunamveka kuti malole afika mbali ya ku Mwanza. Nditatulutsa chithunzi m'Baibulo mwanu ndinapeza chinyezi chitadya khutu limodzi la achimwene. Ndinati ayi, asilikali sangazindikire munthu wa khutu limodzi. Ndinawerenga masiku monga munkawerengera inu: lero afika, mawa akwiya, mkuja ayamba kucheza ndi anthu. Nthawi ilipo. Ndinakwera chapa, minibasi yathu ija, kupita ku Moatize kukachikutitsa pulasitiki, kuti chisawonongekenso, chioneke ngati cha nduna.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti mapepala aja anatha, zonse zili pa kompyuta tsopano. Mlonda wa pamalire uja munkamupatsa mapichesi wandifotokozera kuti mayiko anagwirizana. Mayina a asilikali, manambala a malole, ngakhale kachitsulo kalikonse, amazitumiziratu asananyamuke, akuluakulu n'kuvomereza ali khale pampando. Akafika pa Zóbuè mlonda amangoyang'ana pagalasi, n'kukweza mtengo wotseka msewu uja, basi, ulendo. Rozita akuti madzi a mbatatesi asanawire, lole yomaliza inali itakhota kale. Anthu akuti n'zabwino, kukagwa tsoka kwina thandizo lizifika msanga, ndipo ine sindikutsutsa. Koma amene anakonza zimenezi sanadziwe kuti masiku atatu aja anali ndi mwini wake.

Ndiye pobwerera ndinakumana nawo pa Kambulatsitsi, n'chifukwa chake ndinaima pamsewu paja. Mkulu wawo anatsika, munthu wamtali ngati mlongoti wa foni, n'kundichitira saluti. Anayang'anitsitsa chithunzi, n'kunena kuti nkhopeyi si yachilendo, akafunsa anzake. Mukanandiona Amayi, mukanaimba nthungululu.

M'mawa mwake ndinapita kwa mlonda uja kukamupempha kuti, poti mayina onse ali m'kompyutamo, alembemo dzina la achimwene tione ngati lituluke. Anati n'zachinsinsi, angamuchotse ntchito. Ndinamukumbutsa kuti kale pepala linkangokhala patebulo, munthu n'kumasuzumira uku ukupereka mapichesi. Anaseka pang'ono n'kuyang'ana kumbali. Sindinamuumirize, ali ndi ana.

Chikundiwawa n'chakuti munkandiuza kuti chithunzicho chisamachoke pa Zóbuè, ngakhale chitang'ambika pakati. Ine ndi nzeru zanga za kalasi yachitatu ndinafuna kuchikongoletsa. Rozita anali pamsewu pomwepo ndi poto wake. Msilikali wina wa imvi, wa msinkhu wa achimwene ndithu, anatsika kudzagula nthochi, n'kuima naye mpaka kumufunsa dzina la mwana. Chithunzicho chikanakhala pakhomo Rozita akanathamangira kukachitenga. Nkhani imeneyi Rozita sanaibwereze, koma akamandipatsa madzi osamba amayang'ana pansi, ndipo kuteroko kumapweteka kuposa chikuni chija munkandikwapula nacho.

Tsopano ndachikhomera pa benchi yathu yogulitsira mbatatesi, chayang'ana kumsewu. Malolewo adzabwerera ndithu, njira ndi yomweyi. Ndikulonjeza kuti sindichoka pamalire mpaka adutse, ngakhale Malita atandiitanira mbuzi yathunthu. Akaima kanthawi kokweza mtengo kokhako, ine ndidzakhala nditafika kale pa lole yachitatu. Koma ngati achimwene anafika kale kumene muliko, mundilotetse, ndichotse chithunzi padzuwa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Domingo

Ndatsegulanso envulopu, chifukwa inu bodza langa munkalimva ndisanalimalize. Sindinaime pamsewu Amayi, ndipo palibe mkulu amene anatsika. Ndinali m'chapa, mpando wa kumbuyo, thumba la munthu wina lili pamiyendo. Ndinangokanikiza chithunzi pagalasi mpaka lole yomaliza itadutsa. Matenti awo anali otseka.