Minyanga Pansi pa Kachewere

Lachinayi, Novembro, ku Ntengo-Wambalame, pafupi ndi malire a Malawi.

M'mawa kumunda kwa atsibweni kunabwera asilikali awiri ndi minyanga ya njovu. Amafuna atsibweni aibise pansi pa matumba a kachewere m'ngolo mwawo, akaiwolotsere ku Malawi. Atsibweni anakana. "Mayiko agwirizana kutseka malonda amenewa. Wailesi simumvera, ana anga?"

"Madala, njovu ndi azilamu anu?" anatero mmodzi, akumasula ng'ombe imodzi pagoli. Anapita nayo. Atsibweni sanapemphe chifundo. Anayika phewa lawo pomwe panali ng'ombeyo, nakoka ngolo mpaka kunyumba.

Atsibweni omwewa ndiwo anandichotsa kusekundariya kuti ndikwatiwe. Sindinawakhululukire, ndipo asayembekeze. Koma madzi osamba ndawatenthetsera ndekha, popanda wondituma.