Kanema Wanu Anaima Pakati

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wanga waulemu. Kuno kwa Nthache tilipo ndipo kusukulu ndikupita, kungoti amayi anasiya kudya chimvereni za ngozi ya kuntchito kwanu ku Joniko.

Loweruka ndinawakweza pa njinga mpaka ku boma kuti akaone okha kanema munatumiza uja. Pamalo pa wayifayi yaulere ya kampani ya mafoni tinapeza anthu atadzaza, aliyense atakweza foni m'mwamba. Kanemayo ankangozungulira osatseguka, moto wa m'foni nawo ukutha.

Amayi anandigwira malaya. "Iwe, bwanji sakuyankhula? Kapena mukundibisira maliro?"

Dalaivala wina wa thiraki anati, "Ayi mayi, zaulerezi zimayenda ngati ngolo. Dikirani anthuwa apite kukadya."

Masana anthu atachepa, kanema anatseguka. Munamwetulira n'kunena kuti, "Amayi, ndili bwino," kenako chithunzi chinaima mpaka foni inazima. Amayi anagwada pomwepo kuthokoza Mulungu, ndipo madzulo ake anadya.

Koma achimwene, chithunzi chitaima chija ine ndinachiyang'anitsitsa. Mkono wakumanja wa jekete lanu unali lende, m'kati mulibe dzanja. Amayi sindinawauze, ndipo ndilibe wina womuuza.

Chonde ndiuzeni zoona. Mungolemba uthenga, chifukwa mawu olemba amalowa ngakhale anthu atadzaza. Loweruka likubwerali ndipita ndekha.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mng'ono wanu,
Yamikani