Buleki yakutsogolo ya njinga ya bambo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bambo agona bwanji masiku ano? Chifuwa chija chikuwalola kudya? Musadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi, ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Pafoni sindikanatha kunena izi, poti nthawi zonse mumakhala pambali pa bedi lawo.

Njinga yamoto ya bambo ija, imene ndinabwera nayo kuno ili m'zidutswa, injini yake tsopano ikulira bwino. Thanki ndinaipenta mtundu wake wakale womwe uja. Chatsala ndi buleki yakutsogolo, ndipo ndi imene yandigwetsa ulesi.

Dilamu yake, chitsulo chozungulira cha pakati pa gudumu chija, inadyeka mkati moti ukagwira buleki njinga imangopitirira. Ndinapeza ina yokulirapo kwa ogulitsa zitsulo zakale, ya timikono tiwiri tolumikizidwa ndi kandodo. Masipoko ndinamanga ndi kumasula katatu kuti gudumu lisiye kuvina. Koma kutchera kandodo kaja kuti mbali zonse ziwiri zizigwira nthawi imodzi, amadziwa ndi makaniko wina wachikulire amene timangomuti a Girisi. Iwo anandiuza kuti ndisakhudze, adzatchera okha Lolemba, poti ntchito imeneyo imafuna khutu osati mphamvu. Lisanafike Lolembalo anagwa ndi sitiroko. Nditapita kukawaona, akazi awo anati pakamwa sipakutuluka mawu. Ndinawaonetsa a Girisiwo kandodoko, iwo n'kungokagwira, misozi ili chuchuchu.

Ndiye ndinatchera ndekha. Lamlungu m'mawa ndinakayesa pa kamtsetse ka kuseri kwa galaja. Nditangofinya pang'ono, gudumu linauma gwa, ine n'kuuluka pamwamba pa chiwongolero. Dzanja lamanja lathyoka pamfundo. Adokotala akuti pulasitala akhala milungu isanu ndi umodzi, ndipo sipanala ndiiwale kaye. Amake mwana sanandikalipire n'komwe. Anangotenga nsalu n'kuifunditsa njingayo, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mawu.

Ndazungulira magalaja anayi. Amakaniko a masiku ano akungoseka, akuti ndichotse zonsezo ndiike buleki yamakono. Koma ikatero siikhalanso njinga imene bambo ankatitengera kusukulu, inu kumbuyo ine pathanki.

Munandiuza kuti bambo akamva njinga ikudutsa pamsewu amadzutsa mutu n'kufunsa ngati ndine. Ndinawalonjeza ndi pakamwa pangapa kuti ndidzalowa nayo pachipata ikulira. Achemwali, milungu isanu ndi umodzi ija, inu ndi ine tikudziwa zimene adokotala a bambo ananena, kuti mwina sangaikwanitse. Ndimakhala pakhonde n'kumaiyang'ana njingayo, nzeru zandithera.

Pempho langa ndi limodzi. Loweruka masana ndidzaimba foni. Mudzaiike pakhutu pa bambo, mnzanga wa kuntchito adzandilizira injini, aimve ngakhale pang'ono. Ineyo ndibwera pa basi sabata yamawa, chimanjamanja. Akafunsa za njinga musawanamize, komanso za dzanjali musawauze, ndidzanena ndekha ndikadzakhala pafupi nawo. Mawu oti muwayankhe ine ndawasowa. Inu mumawadziwa bwino kuposa ine.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali, ndi kwa ana onse. Amake mwana akuti muwapsompsonere bambo pachipumi.

Ndine mlongo wanu,
Chitsiriza wa bambo