Paipi Yosatsuka

Lolemba, 12 Ogasiti 2024

Andibweretsera bwana watsopano. Tamiwe, kamtsikana ka digiri kochokera ku Nabvutika, jombo zake zikadali kunyezimira. Ine Dolika zaka 11 ndikutunga madzi oyeza m'zitsime za mgodi uno, lero azindiuza zochita ndi iyeyu? Akuti ali pa miyezi itatu yoyesedwa, akalakwitsa abwerera kwao. Chabwino, tiona.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Tapita kuzitsime. Kupopa madzi ogona n'kuwataya katatu usanadzaze botolo, akudziwa, za m'buku zimenezo. Chimene sakudziwa n'choti timayambira chitsime 6, cha kufupi ndi mudzi, n'kumalizira 2, cha padamu la zinyalala za mgodi. Iye wangotsata manambala: 1, 2, 3. Sopo wotsukira paipi ndinamusiya dala mu ofesi.

Pa 6 wandifunsa, "Anti, paipiyi ili bwino?" Ndati, "Mwaphunzira ndinu amama, ife ndife ongonyamula mabotolo." Wasaina yekha fomu. Masana wandigawira chinangwa chake, ndadya bwinobwino.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Zabwera za ku labu ku Lusaka. Chitsime 6 mtovu wa poizoni uja thoo! A Jere, mkulu wa ofesi yathu, thukuta kamukamu, poti mjigo wa m'mudzi uja uli pafupi ndi 6. T. akuti tiwachenjeze anthu lero lomwe asiye kumwa. A Jere anditengera pambali. Ndawauza zoona zokhazokha: anatunga chitsime chonyansa asanafike pa 6, paipi osatsuka, dothi la 2 lalowa m'botolo la 6. Za sopo sanafunse.

Lolemba, 26 Ogasiti

T. amuchotsa ntchito. Analira ngati wafedwa, mamina mbwee, anthu akuonerera pawindo. Chisoni ndinalibe, ndisaname. Pageti wandigwira dzanja, akuti a Jere alonjeza kuti zobwereza zikatuluka chimodzimodzi, ndiye kuti vuto silinali paipi, amubwezera ntchito. "Anti, mukatunge bwino, ndadalira inu. Amayi sindinawauze." Mpando wake ndautenga ine, ndi wofewa, msana wasiya kuwawa.

Lachiwiri, 27 Ogasiti

Ndabwereza 6 ndekha. Paipi yatsopano, magolovesi atsopano, kupopa katatu, asidi m'botolo, ayezi wokwanira. Ntchito ya munthu woidziwa. Azimayi a pamjigo amandiyang'ana, wina akumwetsa mwana m'chikho. Ndawapatsa moni basi.

Lachitatu, 4 Seputembala

T. wayamba kukazinga mafiritasi n'kumagulitsa pamsika wa Kapata. Digiri yonse ija! Ndadutsira mzere wa tomato.

Lachisanu, 6 Seputembala

Zobwereza zabwera. Mtovu uli pomwepo, kuposanso poyamba. Ndiye kuti paipi sinalakwe kanthu, madziwo ndi oipadi. Ndawerenga katatu.

A Jere atseka chitseko. Akuti pepalali likhale m'dirowa mwawo, mwezi wamawa tidzatunge pena, ndipo kalata yondikweza pa udindo asaina Lolemba. Sindinakane.

Cha m'ma 4 foni, T. Ndinaisiya ilire kawiri, kachitatu ndayankha. Kumbuyo kwake kumamveka mafuta akuthetheka.

"Anti, zatuluka?"

Ndati zatuluka. Ndati madzi ali bwinobwino mwanawe, unalakwitsa ndiwe.

Kenako akuti, "Zikomo Mulungu, bola anthu aja akumwa abwino. Pepani anti, ndinakuchititsani manyazi."

Ndadula ndine.